Njuga

Njuga, ena amati juga, ndi masewera obetcherana ndalama, makamaka a makadi. Timati munthu akutchova njuga. Bawo wapansi pa mtengo si njuga, koma ikangoikidwapo ndalama, dzina limasintha.

Njuga yotchuka padziko lonse ndi poker, ya makadi 52. Inakulira ku New Orleans, ku America, m'zaka za m'ma 1800, ndipo mpikisano wake waukulu unayamba ku Las Vegas mu 1970.

Kwathu kuno mawu oti njuga ndi olemera. Pa Nsaru kapena pa Namitete, fodya akagulitsidwa, mudzaona anyamata atanjuta kuseri kwa golosale, makadi akuda ndi thukuta, makwacha atatsindiridwa ndi mwala. Mayi akati "bambo awa ndi anjuga", akunena za ndalama ya feteleza. Abale, mawuwa tisamawapeputse.