Malasha a Moatize ndi sitima zomwe Zambezi anazikana

Mukatsetsereka kuchoka pa Zóbuè kulowera ku Tete, fumbi lakuda limakuchingamirani musanafike n'komwe pa Moatize. Lili pamasamba a mitengo, pamalata a nyumba, ngakhale pazovala zoyanika. Mukawoloka Revúbuè n'kukwera mlatho wa Samora Machel, mumaona Zambezi atatambalala, madzi osasimbika, koma sitima ya pamadzi palibe ndi imodzi yomwe. Mabwato awiri atatu basi, ndi amayi ochapa m'mphepete. Ndi ochepa mwa odutsa pano amene amadziwa kuti malasha a Moatize anatchuka kunja chifukwa cha sitima ya pamadzi, ndiponso kuti kwa zaka zoposa 150 anthu akhala akuyesa kumanga chombo chogonjetsa mtsinjewu.

Mu 1856 David Livingstone anafika pa Tete kuchokera kumtunda pamodzi ndi Amakololo omuperekeza. Ali pomwepo anapita kukaona miyala yakuda yoonekera m'makhwawa othira mu Revúbuè, ndipo m'buku lake la maulendo anatchulamo kamtsinje ka Muatize. Iye anawerengera motere: mtsinje waukulu ulipo, malasha ali pambali pake, ndiye kuti sitima za nthunzi zingakwere kuchokera kunyanja yamchere mpaka m'kati mwa Africa osasowa chosonkhezera moto. Boma la Britain linamukhulupirira n'kumupatsa ndalama.

Sitima yake inamangidwa ku Birkenhead, pafakitale ya banja la Laird. Inali yaitali mamita pafupifupi 23, ya chitsulo chopyapyala cha mtundu watsopano, ndipo anaipanga m'zigawo zitatu kuti idzalumikizidwe ikafika kumathiriro a Zambezi. Anaitcha Ma-Robert, dzina lomwe Amakololo ankaitanira mkazi wa Livingstone, monga ife timanenera kuti make Robert. Inafika pa Tete mu Seputembala 1858, ndipo malasha a kuno anaponyedwa m'ng'anjo yake. Mnyamata wina wodziwa za miyala, Richard Thornton, wazaka pafupifupi 20, anatumidwa kukakumba ndi kuyeza malashawo kutsidya kuno. Migodi ikuluikulu yomwe lero yasamutsa midzi yathunthu inayambira pa dzenje la munthu wofunira sitima chakudya.

Koma Ma-Robert inali sitima yodwaladwala. Injini yake inkapuma mobanika moti okweramo anaipatsa dzina la munthu wa mphumu. Kutali ndi Tete malasha kunalibe, choncho inkadya nkhuni, ndipo amuna ankatha nthawi yaitali akugwetsa mitengo yolimba ngati phingo kuposa nthawi yomwe sitimayo inkayenda. Mabwato osema odzaza katundu ankaipitirira, opalasa akuyang'ana m'mbuyo. M'chilimwe inkatitimira mumchenga, anthu n'kutsika kumaikoka ndi zingwe. Mu Novembala 1858 Livingstone anakafika pa mathithi a Cahora Bassa, omwe pa ulendo woyamba anawalambalala osawaona, ndipo anapeza madzi akuwinduka pakati pa matanthwe, posadutsika ndi chombo chilichonse. Apa mpomwe anakhotera ku Shire mu Januwale 1859, ndipo mu Seputembala anafika pa Nyanja ya Malawi. Ndimaganiza kawirikawiri kuti matanthwe aja akanapanda kutseka njira, mamishoni ndi amalonda omwe anakhazikika ku Blantyre mwina akanalowera kwina, ndipo malire a pa Zóbuè sakanakhala pomwe alipa. Ma-Robert yomwe, dzimbiri linaiboola ngati sefa, ndipo mu Disembala 1860 inamira pamchenga chakumtunda kwa Sena.

Chimene chinatsala ndi njira yake yomangira: sitima izipangidwa ku Ulaya, iziphwasulidwa, izibwera m'mabokosi. Mu 1875 sitima ya Ilala yoyamba, yomangidwa ndi kampani ya Yarrow ku London, inakwera Zambezi ndi Shire, kenako inamasulidwa mabawuti pansi pa mathithi a mu Shire, ndipo amtengatenga mazanamazana anaisenza pamutu mtunda wa makilomita pafupifupi 100. Olemba mbiri amati palibe kachitsulo ngakhale kamodzi kamene kanasowa. Sitima ya Chauncy Maples, yomangidwa ku Glasgow, inabwera m'zidutswa 3,481, ndipo chithupsa chake cha nthunzi cholemera matani 11 chinakokedwa pamtunda ndi Angoni 450 isanaikidwe pamadzi mu 1901. Maina a makampani analembedwa pazitsulo. A osenzawo sanalembedwe paliponse, ngakhale kuti popanda makosi awo sitimazo zikanakhala milu ya malata m'mphepete mwa Shire.

Nkhondo nayo inabwera m'mabokosi omwewo. Mu 1889 asilikali achipwitikizi a Serpa Pinto anamenyana ndi Amakololo ku Shire, ndipo mu Januwale 1890 Britain inalamula Portugal kuti ichotse asilikali ake kumeneko. Chaka chomwecho Yarrow anamanga sitima ziwiri zamfuti, Mosquito ndi Herald, zosazama kwambiri m'madzi, zokhala ndi chigudumu chopalasira kumbuyo. Zigawo zake zinkayandama pazokha, choncho anazilumikizira pamadzi pomwepo kumathiriro. Pangano la 1891 linatsegula Zambezi kwa sitima za mayiko onse, Angerezi n'kupatsidwa malo pa Chinde. Kwa zaka makumi angapo pafupifupi aliyense wopita ku Nyasaland ankadzera pamenepo, ndipo ina mwa sitimazo inkakwera mpaka pa Tete madzi akachuluka. Ngakhale m'zaka za m'ma 1960, pa nkhondo yomenyera ufulu, Apwitikizi ananyamula maboti awo ankhondo panjanji ndi pamsewu kukawaika pa Nyanja ya Malawi, yomwe iwo amaitcha Niassa, likulu lake pa Metangula.

Njanji ndi imene inatseka nkhaniyi. Mlatho wa Dona Ana, wotalika makilomita oposa 3, unatsegulidwa mu 1935, ndipo mu 1949 njanji inafika pa Moatize. Malasha omwe anakumbidwira sitima ya pamadzi anayamba kupita ku Beira pa sitima ya pamtunda. Sitima zazigudumu zinatsalira kumunsi, m'minda ya nzimbe ya Sena Sugar Estates.

Madzi saiwala khwawa. Mu Okutobala 2010 Pulezidenti Bingu wa Mutharika anatsegula doko pa Nsanje, koma chombo cha feteleza chomwe chinkayembekezeka pa mwambowo chinaimitsidwa ndi akuluakulu a Mozambique chisanafike. Chaka chotsatira kampani ya Rio Tinto inagula Riversdale, mwini mgodi wa Benga, pa madola pafupifupi 4 biliyoni, ikudalira kuti malasha azitsika Zambezi m'zombo zikuluzikulu mpaka pa Chinde. Kuti zimenezi zitheke pankafunika kukumba mchenga pansi pa mtsinje, ndipo pofika mu 2012 boma linali litakana, poopa kuononga mtsinjewo ndi moyo wa odalira madzi ake. Mu 2014 migodiyo inagulitsidwa kwa ICVL ya ku India pa madola 50 miliyoni okha. Kampani ina ya migodi, Vale, inasankha njanji, n'kuyala mzere wa makilomita 912 wodutsa m'Malawi kukafika ku Nacala. Mchenga womwe unagwira Ma-Robert ndi womwewo umene akatswiri a masiku ano anauiwala powerengera.

Chimene chimandipweteka mtima si kumira kwa sitimazi ayi. Ndi chakuti m'zaka zonsezi luso lomanga silinasiyidwe m'manja mwa anthu a m'mphepete mwa mtsinje. Ankaloledwa kusenza, kudula nkhuni, kusonkheza moto ndi kukhoma misomali yachitsulo pomwe auzidwa, koma kujambula thupi la sitima ndi kupanga injini kunkatsala ku Glasgow ndi ku London. Ufulu utabwera chizolowezicho sichinathe. Mu 2013 Mozambique inaitanitsa maboti 24 ophera nsomba ndi ena olondera gombe kuchokera ku Cherbourg ku France, ndipo kampani ina ya boma, MAM, inalonjezedwa kuti idzamanga malo okonzera zombo. Zonsezi zinali m'gulu la ngongole zobisika za madola pafupifupi 2 biliyoni zomwe zinaululika mu 2016. Maboti ambiri anangokhala padoko la Maputo akuchita dzimbiri, pamene ngongoleyo inagwera aliyense, mpaka mayi wogulitsa tomato pa Zóbuè yemwe nyanja yamchere sanaionepo.

Komabe kuno kuli omanga zombo, kungoti sawerengedwa. Mmisiri wosema bwato amasankha mtondo kapena mbawa wowongoka, amaugwetsa, n'kuyamba ndi nkhwangwa, kenako kasemasema. Amagogoda m'mbali kumvetsera kulira kwa thabwa kuti adziwe pomwe pakadali pochindikala, chifukwa akapitiriza pang'ono chabe ntchito ya masabata yaonongeka. Pansi amasiya polemera kuti bwato lisagudubuzike. Bwato lotere limayenda pamadzi ofika m'mawondo, limakokedwa pamchenga ndi anthu awiri, ndipo likang'ambika amalimata pagombe pomwepo. Mabwato otere ndiwo ankanyamula minyanga, nsalu ndi mapira pakati pa Tete ndi Quelimane Ma-Robert isanabwere, ndipo ndiwo amapulumutsa anthu kumadenga madzi akasefukira. Vuto lawo lero ndi mitengo: ikuluikulu yatha ndi makala komanso amalonda a matabwa, moti mmisiri amayenda masiku kufunafuna thunthu lokwana.

Ndipo kumtunda, pomwe mathithi a Cahora Bassa aja anamizidwa ndi damu lomwe linatsekedwa mu 1974, kwabadwa zombo zina. Kapenta anachokera ku Nyanja ya Tanganyika, anaikidwa m'damu la Kariba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, n'kutsika yekha ndi madzi mpaka ku Cahora Bassa. Zombo zomuphera n'zosavuta kuzimvetsa: migolo iwiri italiitali yachitsulo yoyandama, pamwamba pake thandala, injini, ndi mkono wotsitsira ukonde wozungulira. Zikabooka, amisiri owotcherera zitsulo amazikokera pagombe, amadula pomwe padyeka n'kuikapo chigamba. Dzuwa likalowa zimatuluka, asodzi n'kutsitsa nyale m'madzi kuti nsomba ziunjikane, ndipo m'mawa kapentayo amayanikidwa pamathandala. Matumba ake amakwera malole, amawoloka mlatho wa pa Tete, amadutsa m'fumbi la Moatize, ena n'kukatsitsidwa pamsika wa pa Zóbuè.