Msewu wochokera ku Bwalo la Ndege la Kamuzu kukafika ku Nkhata Bay

Popeza dziko la Malawi lilibe nyanja yamchere monga ali nayo anansi athu a ku Mozambique ndi Tanzania, mlendo amene watsika ndege ndi mtima wofuna kukaona gombe amalunjika ku Nyanja ya Malawi. Ndipo mwa njira zimene angasankhe, imodzi ndiyo yodzera kumtunda, yochokera pa bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi, kudutsa Kasungu, Mzimba ndi Mzuzu, kufikira kudooko la Nkhata Bay. Bwaloli, limene lidatsegulidwa m'chaka cha 1983, lili pafupifupi makilomita 25 kumpoto kwa Lilongwe. Ulendo wonse sufika makilomita 400, ndipo galimoto yabwino imaumaliza dzuwa lisanalowe ngati yanyamuka m'mawa. Chodabwitsa chake n'chakuti munthu wopita kunyanja, kumene kuli kunsi, amayamba wakwera mapiri kufikira kuzizidwa, kenaka ndi pamene amatsikira kumadzi.

Chigawo choyamba n'chachidikha, ndipo sichifuna mawu ambiri. Msewu wa M1 umapyola Mponela ndi Madisi, kuwoloka mtsinje wa Bua, n'kulowa m'dziko la fodya la Kasungu, kwawo kwa Dr. Hastings Kamuzu Banda, kumene zigafa zimaoneka mbali zonse. Galimoto zimayenda kumanzere, ndipo woyendetsa amagawana msewu ndi makabaza, ngolo za ng'ombe ndi mbuzi zosadziwa lamulo. Ntchito yokonzanso msewuwu idayamba m'chaka cha 2022 ndi ndalama zochokera ku European Investment Bank ndi mgwirizano wa maiko a ku Ulaya.

Atapitirira Nkhamenya, wapaulendo amafika pa Jenda, ndipo apa mpomwe ulendo umasinthira nkhope. Jenda ndi khomo la kummwera la boma la Mzimba, lomwe ndi lalikulu koposa maboma onse a m'Malawi. Malire a Zambia ali pafupi, kotero kuti apolisi ali ndi chipata pamsewu pomwe amaimitsa galimoto ndi kufunsa ziphaso. Amayi amayala tomato, anyezi ndi mbatata ya kachewere m'mbali mwa msewu, ndipo amene adachoka ku Lumbadzi akulonjeredwa kuti "Muli bwanji" amayamba kumva "Muli uli", pakuti chilankhulo cha pamsika tsopano ndi Chitumbuka. Dziko lino ndi la Angoni a Inkosi ya Makhosi M'mbelwa, zidzukulu za khamu limene lidawoloka Zambezi m'chaka cha 1835 motsogozedwa ndi Zwangendaba. Wokhotera kumadzulo pa Jenda amakafika ku Embangweni, mishoni imene Donald Fraser adakhazika m'chaka cha 1902, ndi ku Edingeni, kulikulu kwa mfumuyo. Ndipo m'mwezi wa Ogasiti Angoni amasonkhana patsinde pa phiri la Hora kuchita mwambo wa Umthetho, zishango zili m'manja, gule wa ingoma akugwedeza nthaka.

Tauni ya Mzimba siili pa msewu waukulu. Ili chakumadzulo, ndipo woifuna ayenera kupatuka pa mphambano. Ambiri amaipitirira osadziwa. Koma woyendetsa wanzeru amayang'ana mafuta ake asanafike pamenepo, nafunsa eni dera kumene angamwetse galimoto, pakuti m'mapiri a kutsogolo midzi ndi yotalikirana, ndipo safunsa adadya phula.

Kuchokera apo msewu umakwera mapiri a Viphya ndi kulowa m'nkhalango ya Chikangawa. Boma lidayamba kubzala paini kumeneku mochuluka m'chaka cha 1964, pa malo okwana mahekitala pafupifupi 53,000, ndi chiyembekezo chodzamanga fakitale yopanga zopangira mapepala ku Chintheche. Koma fakitaleyo sidamangidwe, ndipo mitengo idasanduka ya matabwa, ina ikuchekedwa ndi kampani ya Raiply, ina ndi ocheka a pawokha, inanso n'kupsa ndi moto wolusa chaka ndi chaka. Amene adaiona nkhalangoyi ili yowirira, mdima uli pansi pa mitengo ngakhale masana, sangadutse lero pa zitunda zodzala zitsa popanda kugwidwa chisoni. Kuno ndiye kofunika kudekha: nkhungu imagwa mwadzidzidzi, makamaka m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, makona ndi ambiri, ndipo mathiraki olemedwa ndi matabwa amakwawa pa zitunda ngati akamba. Fulumira adadya gaga. Wofuna kupitirira thiraki pakona ya Chikangawa akuyesa Mulungu. Nkhungu ikayera, chimwala chachikulu chotchedwa Elephant Rock chimaonekera patali, chofanana ndithu ndi njovu.

Mzuzu, likulu la chigawo cha kumpoto, ndi malo opumirapo, omwetsa mafuta ndi ogula khofi wa kumapiri. Apa wapaulendo amasiya M1 n'kulowa M5, ndipo m'makilomita 47 okha amatsika kuchoka pamtunda wa mamita oposa 1,200 kufika pa nyanja yomwe ili pafupifupi mamita 500 pamwamba pa nyanja yamchere. Msewu umenewu, umene kale udali wopapatiza ndi woopsa, udamangidwanso ndi thandizo la African Development Bank. Komabe mtsetse wake ndi wautali, ndipo odziwa amatsika ndi giya yaing'ono kuopa kutenthetsa mabuleki. Jekete imene idavalidwa ku Chikangawa imavulidwa. Chimanga chimachepa, chinangwa ndi nthochi zimachuluka, ndipo moni wa Chitumbuka umasanganikirana ndi wa Chitonga.

Ku Nkhata Bay phula limathera padooko, pomwe sitima ya Ilala, imene yakhala ikuyenda panyanjayi chiyambire 1951, imakocheza ndi kunyamula anthu ndi katundu wa ku zilumba za Chizumulu ndi Likoma. M'malo odyera a pafupi ndi msika, mlendo amapatsidwa kondoole wa ufa wa chinangwa, ndiwo yake batala kapena usipa wa m'mawa womwewo.