Tione Kaye Tisanaweruze: Mmene Maphunziro a Kakhalidwe ka Anthu Adabadwira



M'mutu 12 wa Mthenga Wabwino wolembedwa ndi Luka Woyera, Ambuye Yesu adadzudzula khamu la anthu chifukwa linkadziwa kutanthauzira mitambo ndi mphepo, koma silinkatha kuzindikira nyengo imene linkakhalamo. Chidzudzulo chimenechi chikutikhudza. Ife timadziwa kuti mwera ukawomba msodzi salowa panyanja. Koma wina akatifunsa chifukwa chake anyamata ambiri a m'limana lathu ali ku Joni, kapena chifukwa chake atsikana akusiyira sukulu panjira, timayankha msanga kuti ndi ulesi, ndi chibwana, dziko latha. Yankho lotere ndi chiweruzo chimene chatuluka maso asanaone.

Sabata ino tikambirane mbiri ya maphunziro amene adabadwa pofuna kuchiza nthenda imeneyi. Awa ndi maphunziro a kakhalidwe ka anthu pamodzi: za chuma, za ndale ndi ulamuliro, za miyambo, za mabanja ndi mizinda. Tiona kuti adachokera m'misozi ya anthu amene moyo wawo udasintha mwadzidzidzi, ndiponso kuti Mpingo nawo udayenera kuphunzira kuona.

Pamene makina adasamutsa midzi

Kuyambira cha m'ma 1760, ku Britain kudapangidwa makina opota thonje ndi oluka nsalu, ndipo pambuyo pake adayamba kuyendera nthunzi ndi malasha. Ntchito imene banja linkagwira pakhomo idasamukira m'fakitale. Nthawi yomweyo eni chuma ankatchinga ndi mipanda malo amene kale mudzi wonse unkalimapo ndi kudyetsapo ziweto. Anthu adakhamukira m'matauni. Mzinda wa Manchester udali ndi anthu pafupifupi 75,000 mu 1801, koma pofika 1851 adaposa 300,000. Kalembera wa 1851 adaonetsa kuti anthu a ku England ndi Wales okhala m'matauni adali ataposa okhala m'midzi.

Chuma chidakula, koma moyo wa antchito udali wowawa. Mabanja ankapanikizana m'zipinda zopanda madzi abwino, ndipo kolera adakantha Manchester mu 1832. Ana ang'onoang'ono ankagwira ntchito kuyambira m'bandakucha mpaka usiku. Lamulo la 1833 lidaletsa kulemba ana osakwana zaka 9 m'mafakitale ambiri a nsalu, nkulamula kuti a zaka 9 mpaka 13 asapitirire maola 9 pa tsiku. Oyendera mafakitale oti aone ngati lamuloli likutsatidwa adali anayi okha. Kutsidya kwa nyanja, ku France, chipwirikiti cha 1789 chidali chitagwetsa ufumu ndi kugwedeza Mpingo. Mfumu, mudzi, tchalitchi ndi banja, zimene zinkamanga anthu pamodzi kwa zaka mazana, zonse zidayamba kusweka m'badwo umodzi kapena iwiri.

Anthu anayi amene adafunsa mafunso atsopano

Kale munthu akasauka, ambiri ankangoti ndi tsoka lake kapena tchimo lake. Koma pamene anthu zikwizikwi adasauka mofanana, pa nthawi imodzi, m'mizinda yofanana, padafunika kafotokozedwe kena.

Auguste Comte wa ku France adaganiza kuti gulu la anthu likhoza kufufuzidwa mwadongosolo monga momwe akatswiri amafufuzira nyenyezi ndi zomera. Cha m'ma 1838 adapatsa phunziroli dzina lakuti sociologie. Karl Marx, Mjeremani amene adakhala zaka zambiri ku London, adaona kuti gwero la mavuto ndi kusiyana pakati pa eni mafakitale ndi anthu opanda chilichonse chogulitsa kupatula mphamvu zawo. Buku lake loyamba la Das Kapital lidatuluka mu 1867. Max Weber, Mjeremani winanso, adalemba mu 1904 ndi 1905 kuti chikhulupiriro nacho chimaumba chuma: adaona mgwirizano pakati pa chiphunzitso cha mipingo ina ya Chipulotesitanti, chimene chinkalimbikitsa khama ndi kusamala ndalama, ndi mzimu wa malonda amakono.

Amene akutiphunzitsa bwino kagwiridwe ka ntchito ka maphunzirowa ndi Émile Durkheim. Mu 1897 adasindikiza kafukufuku wa imfa zodzipha. Palibe chinthu chimene chimaoneka cha munthu payekha kuposa chimenechi. Koma iye atasanthula kaundula wa maiko angapo a ku Ulaya, adapeza kuti chiwerengero chinkakwera pakati pa amuna osakwatira kuposa okwatira, m'madera a Apulotesitanti kuposa a Akatolika, ndiponso pa nthawi imene chuma chagwa kapena chakwera mwadzidzidzi. Akatswiri a pambuyo pake adatsutsa zina mwa ziwerengero zake, choncho pasakhale wodzitama nazo. Koma mfundo yake yaikulu idakhazikika: pamene zingwe zomanga munthu kwa anzake zaduka, munthuyo amakhala pangozi. Makolo athu adanena kale kuti kali kokha nkanyama, tili awiri ntianthu. Chatsopano chimene Durkheim adabweretsa ndi njira: kuwerenga, kuyerekeza, ndi kulola zimene wapeza zikonze maganizo ako.

Tisabise kuti ambiri mwa anthuwa sadali abwenzi a Mpingo. Marx ankakana Mulungu, ndipo Comte adafika poyambitsa chipembedzo chake chopembedza umunthu. Komabe choona sichisanduka bodza chifukwa wachinena ndi munthu wosapemphera. Ana ankavulaladi m'makina, malipiro adali ochepadi. Chimene maphunzirowa sangatiuze pa okha ndi chifukwa chake mwana wa m'fakitale ali ndi ulemu wosagulika. Yankho limenelo timalipeza m'chikhulupiriro chakuti munthu adalengedwa m'chifaniziro cha Mulungu.

Mpingo uphunzira kuona

Tivomere modzichepetsa kuti Mpingo wa ku Ulaya udachedwa, ndipo antchito ambiri adausiya poganiza kuti uli kumbali ya olemera. Koma panali ena amene adatsegula maso msanga. Mu 1833 Frédéric Ozanam, wophunzira wa zaka 20 ku Paris, pamodzi ndi anzake adayambitsa bungwe la Vincent de Paul Woyera, limene lamulo lake lidali kukaona wosauka kunyumba kwake komweko. Ku Turin, Don Bosco adayamba kusonkhanitsa anyamata obwera kumudzi mu 1841. Mu 1852 adasainirana chikalata ndi mmisiri wina wa matabwa chonena kuti mnyamata wophunzira ntchito azilandira malipiro, azipuma masiku a chikondwerero, ndipo akalakwa azidzudzulidwa ndi mawu osati kumenyedwa. Mu 1889 antchito a padoko la London atanyanyala ntchito pofuna mapeni 6 pa ola, Kadinala Henry Manning, nkhalamba ya zaka 81, adakhala mkhalapakati mpaka mgwirizano udapezeka.

Zonsezi zidakonza njira ya kalata ya Papa Leo wa 13 yotchedwa Rerum Novarum, imene idatuluka pa 15 Meyi 1891. Dzinali limatanthauza zinthu zatsopano. Apapa adakana maganizo olanda katundu wa anthu ndi olimbikitsa chidani pakati pa olemera ndi osauka. Koma adanenanso mosabisa kuti wantchito si chida, kuti malipiro ayenera kukwanira kusunga munthu mwaulemu ngakhale iye atavomera ochepa chifukwa cha njala, kuti antchito ali ndi ufulu wopanga mabungwe awo, ndiponso kuti boma liyenera kuteteza makamaka osauka. Pamenepa ndi pamene padayambira chiphunzitso cha Mpingo cha masiku ano pa za moyo wa anthu pamodzi.

Amene adaika chiphunzitsochi m'manja mwa achinyamata ndi Bambo Joseph Cardijn a ku Belgium. Ali ku seminale, ankabwera kwawo pa tchuthi nkupeza anzawo a kusukulu, amene adalowa m'mafakitale, atataya chikhulupiriro ndipo akuwaona iwo ngati mdani. Atadzozedwa unsembe sadayambe ndi kuwadzudzula. Adasonkhanitsa timagulu ta anyamata ndi atsikana antchito nkuwatuma kukafufuza moyo wawo womwe: amalowa ntchito nthawi yanji, amalandira zingati, amadwala chiyani, akachotsedwa ntchito amapita kuti. Akabweretsa mayankho ankawaunika ndi Mthenga Wabwino, kenaka nkugwirizana chochita. Njira imeneyi ya kuona, kuweruza ndi kuchita ndiyo maziko a mabungwe a YCW ndi YCS amene tili nawo m'maparishi ndi m'sukulu zathu. Papa Pius wa 11 adadalitsa ntchitoyi mu 1925, Papa Yohane wa 23 adayamikira njirayi m'kalata ya Mater et Magistra mu 1961, ndipo Msonkhano Wachiwiri wa Vatican udaphunzitsa mu 1965 kuti Mpingo uli ndi udindo wozindikira zizindikiro za nthawi.

Kusinthaku kudafika kwathu

Wina anganene kuti zonsezi ndi za ku Ulaya. Koma m'mwezi womwewo wa Meyi 1891 umene Rerum Novarum idatuluka, Britain idalengeza kuti dziko lathu lili pansi pa ulamuliro wake. Atsamunda adabweretsa msonkho wa nyumba woperekedwa ndi ndalama, ndipo m'minda ya azungu ya kummwera mudakhazikika thangata. Kuti apeze ndalama, amuna adayenda pansi kupita ku Salisbury, ku Wankie, ku migodi ya kopa ya ku Northern Rhodesia ndi ya golide ya ku Johannesburg. Ena sadabwerere, ndipo chinenero chathu chidawapatsa dzina lakuti machona. Pamene ansembe a Montfort ankafika ku Nzama mu 1901, ndi a White Fathers ku Mua mu 1902, adapeza midzi imene idali itayamba kale kusintha.

Akatswiri a kakhalidwe ka anthu adafufuzanso kusinthaku. Bungwe la Rhodes-Livingstone lidakhazikitsidwa mu 1937 m'dziko limene lero ndi Zambia. Mkulu wake woyamba, Godfrey Wilson, adachita kafukufuku ku Broken Hill, kumene lero ndi Kabwe. Boma ndi makampani ankaona wantchito wa pamgodi ngati mlendo wosakhalitsa, choncho malipiro ndi nyumba zinkayezedwa ngati za mbeta. Wilson atafunsa antchito eni ake, adapeza kuti ambiri adali atakhala zaka zochuluka m'tauni, ena ndi mabanja awo, pamene kumudzi minda inkasowa manja. Umphawi wa kumudzi ndi malipiro ochepa a pamgodi zidali mbali ziwiri za chinthu chimodzi. Ulendo wa kumigodi udapitirira mpaka dziko litalandira ufulu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown ku Botswana nkupha antchito a ku Malawi oposa 70, ndipo boma lidaimitsa kulemba anthu.

Chitsanzo chimene tiyenera kuchikumbukira kwambiri ndi cha pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, pamene kalata ya maepiskopi athu, motsogozedwa ndi Ambuye James Chiona, idawerengedwa m'matchalitchi onse. Mphamvu ya kalatayo idagona pa kuona. Idatchula kusiyana kokula pakati pa olemera ndi osauka, malipiro ochepa, mitengo yotsika imene alimi ankalandira, kudzaza kwa makalasi, kuchepa kwa ogwira ntchito m'zipatala, ndi kutsekera anthu popanda mlandu. Aliyense ankazidziwa zimenezi, koma palibe ankazitchula poyera. Maepiskopi adaopsezedwa, Monsinyo John Roche adathamangitsidwa m'dziko, koma pa 14 Juni 1993 Amalawi adasankha ndale za zipani zambiri, ndipo chisankho chidachitika pa 17 Meyi 1994.

Nanga ife?

Kusintha sikudathe. Kalembera wa 1966 adapeza anthu opitirira pang'ono 4 miliyoni m'Malawi. Wa 2018 adapeza oposa 17.5 miliyoni, ndipo theka lawo adali osakwana zaka 18. Malo olima akuchepa, foni yalowa m'nyumba zambiri, ndipo basi ya ku Joni yalowa m'malo mwa ndege ya Wenela. Mu Meyi 2025 Papa Leo wa 14 adafotokozera makadinala kuti adasankha dzinali pokumbukira Leo wa 13, chifukwa makina a nzeru zopangidwa ndi anthu akubweretsanso mafunso atsopano pa ulemu wa munthu, chilungamo ndi ntchito.

Mbiri imene tatsatayi ikutiphunzitsa chinthu chimodzi. Amene adathandiza anthu pa nthawi ya kusintha ndi amene adayamba aona. Kuona sikuchotsa tchimo kapena udindo wa munthu payekha, pakuti ulesi ulipodi ndipo chibwana chilipo. Koma tikaweruza tisanaone timalanga wovulala nkusiya chomuvulaza.

Choncho tikupempha gulu lililonse la achinyamata kuti mwezi uno lichite monga ana a Bambo Cardijn. Tengani kope, muyende m'limana lanu mwaulemu, osalemba maina a anthu. Achinyamata angati adasiya sukulu, ndipo eni ake akuti chidawasiyitsa nchiyani? Angati ali kunja kwa dziko, ndipo ana awo akuleredwa ndi yani? Amene akugwira ganyu kapena ntchito ya m'nyumba amalandira zingati? Mufunsenso agogo amene adapita ku Wenela kuti adasiya chiyani ndipo adapeza chiyani pobwera. Mukasonkhanitsa mayankho, muwaunike ndi Mawu a Mulungu ndi chiphunzitso cha Mpingo, kenaka musankhe chinthu chimodzi chimene mungachite ndi manja anu, nkukachitula kwa Bambo Mfumu ndi akuluakulu a parishi.

Mzimu Woyera atsegule maso athu kuti tizindikire nyengo yathu, ndipo Yosefe Woyera, mmisiri wa ku Nazareti, apempherere antchito onse. Sabata yabwino kwa nonse.