Mlandu wosunga zithunzi zolaula za ana: zimene lamulo likamba ndi ufulu wa woimbidwa mlandu

Nyumba zambiri za Akhristu athu tsopano zili ndi foni ya intaneti, ndipo foni imodzi imagwiridwa ndi atate, amai, ana ngakhale alendo. Pamodzi ndi zabwino zake, foni yabweretsa mlandu umene makolo athu sanaudziwe: kupezeka ndi zithunzi kapena mavidiyo olaula a ana. Talemba nkhani ino kuti mudziwe zimene lamulo la Zambia likamba, ufulu umene munthu womangidwa ali nao, ndi zimene banja ndi mpingo ziyenera kucita. Woimbidwa mlandu ali ndi ufulu wodziteteza, ndipo malo odzitetezera ndi khoti, mothandizidwa ndi loya. Nkhani ino ndi yothandiza kumvetsa cabe. Munthu amene nkhaniyi yamugwera ayenera kuonana ndi loya.

Mlanduwu ndi wotani

Malinga ndi Konsitityushoni ya dziko lathu, mwana ndi munthu wa zaka 18 kapena kucepera apo, ndipo lamulo la ana la Children's Code Act la mu 2022 litsata tanthauzo lomwelo. Mu 2005 Nyumba ya Malamulo inaonjezera gawo 177A mu Penal Code. Gawoli limalanga munthu wogwiritsa nchito mwana popanga zolaula, ndipo cilango cake ndi zaka zosacepera 15 m'ndende, mwinanso moyo wonse.

Za pa foni ndi pa kompyuta zinalembedwa momveka mu Cyber Security and Cyber Crimes Act ya mu 2021. Lamuloli linaletsa kupanga zithunzi zolaula za ana, kuzitumiza, kuzifunafuna ndi kuzisunga mu foni, mu kompyuta, pa fulashi kapena pa memori khadi, ndipo linaika cilango ca zaka zosacepera 15. Mu 2025 lamulolo linalowedwa m'malo ndi malamulo awiri, Cyber Security Act ndi Cyber Crimes Act, ndipo zolaula za ana zikali mlandu waukulu. Konsitityushoni siilola kuti munthu alangidwe ndi cilango coposa cimene cinalipo pa nthawi imene mlandu unacitika, conco tsiku limene boma likamba kuti mlandu unacitika ndi cinthu coyamba cimene loya amayang'ana.

Ena amafunsa kuti munthu amene sanakhudze mwana alangidwirenji cotere. Cithunzi ciliconse ca mwana weniweni ndi umboni wa nkhanza imene inacitika. Mwanayo amakula akudziwa kuti anthu osawadziwa akali kuona tsiku loipa la moyo wake. Ndiponso anthu osunga ndi ofunafuna zithunzi ndiwo amapatsa msika anthu ozipanga.

Mmene nkhani imafikira kwa apolisi

Nthawi zina amene amaulula ndi mkazi, mwamuna kapena mwana wa m'nyumba, mnzake wa ku nchito, kapena wokonza mafoni. Nthawi zina uthenga umacokera kunja. Makampani a ku America monga Meta ndi Google amakakamizidwa ndi lamulo la kwao kupereka lipoti ku bungwe la NCMEC akapeza zithunzi zotere, ndipo bungwelo limatumiza malipoti kwa apolisi a maiko kumene foni kapena kompyuta ioneka kuti ili. Zithunzi zimene zinagwidwapo kale zili ndi cizindikiro ca manambala cofanana ndi cidindo ca cala, ndipo makina amazizindikira zikaikidwanso pa intaneti. Apolisi akafufuza, amapereka doketi ku National Prosecution Authority, imene imayendetsa milandu m'dzina la boma pansi pa Director of Public Prosecutions.

Ufulu wa munthu womangidwa

Gawo 18 la Konsitityushoni limateteza aliyense woimbidwa mlandu, ngakhale mlandu wonyansa cotani. Munthuyo amaonedwa wosalakwa kufikira khoti litampeza wolakwa kapena iye atavomera yekha. Ayenera kuuzidwa mlandu wake m'cinenero cimene amamva, kupatsidwa nthawi yokwanira yokonzekera, kuimiridwa ndi loya amene wasankha, kufunsa mafunso mboni za boma ndi kuitana mboni zake. Ngati samva Cingerezi, khoti limampatsa womasulira kwaulere. Sakakamizidwa kupereka umboni pa mlandu wake.

Apolisi asanalembe mau a munthu woganiziridwa, amamcenjeza kuti sakakamizidwa kukamba ndi kuti zimene akambe zingagwiritsidwe nchito m'khoti. Ndi cinthu canzeru kupempha loya coyamba, ndi kusasaina pepala limene munthu sanaliwerenge kapena sanalimvetse. Kukhala cete ndi ufulu, koma kunamiza apolisi kumaonjezera mavuto. Ngati munthu anavomera cifukwa comenyedwa, kuopsezedwa kapena kulonjezedwa zinazake, loya amadziwitsa khoti, ndipo khoti limayamba laimitsa mlandu kuti lifufuze ngati mauwo anaperekedwa mwaufulu.

Womangidwa ayenera kuperekedwa ku khoti mwamsanga. Ngati sizitheka pasanathe maola 24, mkulu wa polisi amaona ngati angamtulutse pa bondi, ngakhale kuti pa milandu yaikulu angakane. Bondi ya polisi siigulidwa. Ku khoti munthu angapemphe belo, ndipo khoti limaona kukula kwa mlandu, ngati munthuyo angathawe, ndi ngati angasokoneze mboni. Mkhristu amene wapemphedwa kuimirira mnzake pa belo adziwe kuti alonjeza kubweretsa munthuyo ku khoti tsiku lililonse la mlandu, ndipo akathawa, ndalama zimene analonjeza zidzafunidwa kwa iye.

Amene alibe ndalama za loya apite ku Legal Aid Board, bungwe la boma limene likugwira nchito pansi pa Legal Aid Act ya mu 2021. Amene afuna kulemba loya wao angafunse ku Law Association of Zambia ngati munthuyo ali ndi cilolezo. Cenjerani ndi anthu ozungulira pa polisi ndi pa khoti amene amalonjeza kuti doketi idzasowa mukawapatsa kangacepe. Zimenezo ndi ziphuphu, ndipo ndi mlandu wina pa wokha.

Zimene boma liyenera kutsimikiza

Katundu wotsimikiza mlandu ali pa boma, ndipo liyenera kuutsimikiza popanda cikaiko comveka. Loya wa woimbidwa mlandu amayesa umboni pa mfundo zinai.

Coyamba ndi cinthuco: kodi zimene zinapezeka ndi zolaula monga lamulo likambira, ndipo kodi amene aoneka ndi mwana?

Caciwiri ndi mwini wake. Foni ya banja, kompyuta ya mu ofesi kapena foni yogula kwa munthu wina imadutsa m'manja ambiri. Boma liyenera kuonetsa kuti zithunzizo zinali m'manja mwa woimbidwa mlanduyo.

Cacitatu ndi kudziwa. Lamulo limalanga amene acita modziwa. Foni ingathe kusunga yokha cithunzi cotumizidwa pa gulu la WhatsApp mwini wake asanacione. Koma akatswiri ofufuza mafoni amatha kuona tsiku limene cithunzi cinalowa, ngati cinatsegulidwa, ngati cinasamutsidwira pena kapena kutumizidwa kwa ena, ndi mau amene munthu anali kulemba pofufuza pa intaneti. Umboni womwewo umene ungamasule wosalakwa ndiwo umamanga wonama.

Cacinai ndi njira imene umboni unatengedwera. Loya amafunsa ngati apolisi anali ndi cilolezo cofufuzira pamene lamulo lifuna cilolezo, amene anagwira foni kucokera tsiku limene inalandidwa, ndi ngati zimene zaonetsedwa m'khoti ndi zomwezo zimene zinali mu foni. Angathenso kupempha katswiri wina kuti aone lipoti la boma.

Loya amene afunsa mafunso awa sakuvomereza coipa ai. Khoti likamanga munthu wosalakwa, wolakwa weniweni amatsala panja pafupi ndi ana.

Zifukwa zimene sizipulumutsa

Pali mau amene anthu amadalira koma alibe mphamvu m'khoti. Kusadziwa lamulo si cifukwa comasulira munthu. Kukamba kuti mwanayo anavomera kapena anadzijambula yekha sikuthandiza, pakuti lamulo siliwerengera cilolezo ca mwana pa zinthu izi. Kukamba kuti sunagulitse kapena sunamkhudze mwana sikucotsa mlandu wosunga. Ngakhale kutumiza cithunzi pa gulu la azimai kapena la acinyamata pofuna kucenjeza makolo ndi kufalitsa, ndipo kumaonjezera manyazi a mwanayo.

Kuvomera, cilango ndi apilo

Loya woona mtima amauza munthu wake zoona, ndipo umboni ukakhala wolimba angamlangize kuvomera. Plea Negotiations and Agreements Act ya mu 2010 imalola woimira boma ndi woimbidwa mlandu kukambirana, koma khoti ndilo limavomereza kapena kukana pangano. Kuvomera msanga ndi kukhala wolakwa koyamba kungacepetse cilango, koma woweruza sangatsike pansi pa zaka zimene lamulo laika monga zocepetsetsa. Popeza mphamvu za majisitireti zili ndi malire, munthu wopezeka wolakwa ku khoti laling'ono angatumizidwe ku High Court kuti akapatsidwe cilango. Wosakhutira ali ndi ufulu wa apilo, ndipo masiku ocitira apilo ndi owerengeka, conco loya auzidwe mwamsanga.

Ngati woganiziridwa ndi mwana, monga wa sukulu amene watumiza cithunzi ca mnzake, nkhani imayenda motsata Children's Code Act. Mwana wosakwana zaka 12 saimbidwa mlandu. Wamkulupo amaweruzidwa mosiyana ndi akulu, kholo kapena womlera ndi a zacisamaliro ca anthu amakhalapo, ndipo dzina lake silifalitsidwa.

Banja ndi mpingo

Akulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Woimbidwa mlandu akakhala mkulu wa mpingo, mphunzitsi wa Sande sukulu kapena wopereka cakhumi cacikulu, ciyeso cobisa nkhani cimakula. Penal Code imalanga munthu woononga umboni, wonyengerera kapena kuopseza mboni, ndi wolandira ndalama kapena katundu kuti abise mlandu waukulu. Motero m'bale amene afufuta zinthu mu foni, kubisa kompyuta, kapena kupita kwa makolo a mwana ndi mbuzi ndi ndalama kuti nkhani ithere pa khomo, amadziika yekha pa mlandu. Bwalo la akulu a mpingo lili ndi mphamvu pa mwambo wa mpingo, koma lilibe mphamvu yothetsa mlandu wa boma.

Malembo amatiphunzitsa mbali zonse ziwiri. Deuteronomo 19 alamula oweruza kufufuza bwino ndi kucenjera ndi mboni yonama. Mateyu 18 ali ndi cenjezo loopsa la Ambuye kwa wokhumudwitsa ana. Ndipo mu 2 Samueli 13 tiwerenga kuti Davide anakwiya atamva zimene Amnoni anacitira Tamara, koma sanamlange, ndipo nyumba yake inagawika ndi mwazi.

Pa cifukwa cimeneci tipempha mipingo kuti woimbidwa mlandu apumitsidwe pa nchito zonse zokhudza ana ndi acinyamata kufikira khoti litagamula. Kupumitsa kotere ndi kuteteza ana ndi iye yemwe, ndipo auzidwe momveka kuti mpingo sunamweruze. Abusa angamuyendere, kupemphera naye ndi kumlimbikitsa kukamba zoona kwa loya wake. Mkazi ndi ana ake asasalidwe, pakuti mlandu suli wao. Tipewe kufalitsa nkhani pa Facebook ndi pa magulu a mpingo, ndipo dzina la mwana wokhudzidwa lisachulidwe pa guwa ngakhale m'pemphero. Ngati khoti lapeza munthu wolakwa, kulapa kwake kulandiridwe, koma asabwezeredwe ku nchito ya ana.

Mukalandira kapena kuona cithunzi cotere

Musacitumize kwa wina aliyense, ngakhale kwa abusa. Musacikope ndipo musacisunge kuti mudzaonetse anthu. Lembani nambala kapena dzina la gulu kumene cacokera ndi nthawi yake, ndipo pitani ku polisi tsiku lomwelo, ku Victim Support Unit kapena ku Child Protection Unit, mukatsate zimene akuuzeni za foni yanu. Ngati mwaciona pa tsamba la intaneti, mungapereke lipoti popanda kuchula dzina lanu pa tsamba limene ZICTA ndi bungwe la ku Britain la Internet Watch Foundation anatsegula mu 2018. Ndi bwinonso kutseka mu WhatsApp njira imene foni imakopera yokha zithunzi, ndi kucoka m'magulu amene simudziwa eni ake.

Ngati mwana wa m'cithunzi ndi wodziwika kwa inu, cofunika coyamba ndi citetezo cake. Acotsedwe pafupi ndi woganiziridwa, aperekedwe ku cipatala, ndipo asafunsidwe mafunso mobwerezabwereza ndi acibale, pakuti zimenezo zimamzunza ndi kusokoneza umboni wake. Musamkalipire. Nambala ya Childline Zambia ndi 116, ndi yaulere, ndipo mwana yekha kapena munthu wamkulu angaimbe. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Tipempha abusa, akulu a mpingo ndi atsogoleri a zigwirizano kuti awerenge nkhani ino pa misonkhano yao, ndipo mpingo uliwonse usankhiretu anthu awiri, mwamuna ndi mkazi, amene Akhristu angafikire nkhani yotere ikabuka. Ambuye atipatse nzeru ndi kulimba mtima.