Mliri wa 1918 ndi Chibayo Chimene Chinkautsatira

Pamene nkhondo yaikulu inali kutha m'chaka cha 1918, anthu nayembekeza kupumula ku masautso ao, padagwa mliri wa fuluwenza umene, utakantha Cape Town m'mwezi wa Okutobala, udakwera ndi njanji, nufikanso ku Nyasaland, kumene amtengatenga a kunkhondoyo ankabwerera kwao atalefuka ndi njala. Akale adanenadi zoona kuti mvula ikakuona litsiro sikata; pakuti odwala ambiri, atayamba kupezako bwino, ankagwidwanso ndi malungo aakulu, mapapo nadzala mafinya, namwalira ndi chibayo.

Madokotala a masiku amenewo, potsata Richard Pfeiffer amene mu 1892 adapeza bakiteriya m'makhololo a odwala, ankayesa kuti bakiteriyayo ndiye mwini nthenda ya fuluwenza; koma mu 1933, ku London, Smith, Andrewes ndi Laidlaw adaonetsa kuti fuluwenza ndi vairasi. Vairasiyo imasupula khungu lam'kati mwa njira za mpweya, ndipo mabakiteriya okhala m'mphuno ndi kum'mero amatsikira m'mapapo popanda chowaletsa. Penisilini, imene ikadapulumutsa khamu lalikulu, idayamba kufikira odwala m'zaka za m'ma 1940, manda a mliriwo atamera kale udzu.