Ambuya Ali Kumbuyo

Kunyumba kwathu ku Chelstone kuli chithunzi chimodzi chokha cha ambuya. Chinajambulidwa ku Kabwata atate ali mnyamata. Atate aima patsogolo, mabatani a shati yawo akuchita kuwerengeka. Ambuya ali kumbuyo, pakhomo, koma nkhope yawo ndi utsi chabe. Anamwalira ine ndisanabadwe.

Ndinakula ndikuganiza kuti pepala ndilo linakalamba. Ndinamvetsa zoona zake nditagwira Yashica Electro 35, imene atate amati ikufanana ndi ya wojambula uja.

Makamera otere amatchedwa rangefinder. Anatchuka ndi Leica II ya mu 1932 ndi Leica M3 ya mu 1954, koma amenewo anali a anthu andalama. Otchipirapo anali Zorki ndi FED a ku Soviet Union, kenako Yashica imeneyi, imene inatuluka ku Japan mu 1966.

Ukasuzumira pakawindo kake, pakati pamaoneka kachigamba pamene munthu amaoneka pawiri. Umapotokola lenzi mpaka awiriwo akhale mmodzi, ndiye kuti kamera yapeza mtunda wake. Koma msampha uli apa: pakawindopo onse amaoneka bwino, wapafupi ndi wakutali. Chimene chimagamula ndi kabowo kolowetsa kuwala. Pa lenzi ya mamilimita 45, munthu ataima mamita 3, ukatsegula kabowo pa f/2 malo ooneka bwino amangokhala ngati theka la mita. Ukakachepetsa pa f/8, amayambira cha pa mamita 2 mpaka kupitirira 4. Wojambula ankayenera kuwerenga tizizindikiro ta palenzi, ndipo cholakwa chinkadziwika filimu itatsukidwa kale.

Atate amakumbukira kuti kunali kumadzulo. Dzuwa litachepa, wojambula ayenera kuti anatsegula kabowo, nasankha mnyamata amene anamuitana.

Chimandiwawa n'chakuti kwa anthu ngati ambuya mwayi wojambulidwa sunkabwera kawiri. Lusaka itakhala likulu mu 1935, inakula mogawanika: azungu ku Woodlands ndi Kabulonga, antchito akuda m'tinyumba tozungulira ta ku Kabwata, tina mwa ito tikadali ku Kabwata Cultural Village. Anthu a m'makomboni ankadalira masitudiyo a m'tauni ndi ojambula oyendayenda. N'chifukwa chake ndimalemekeza ntchito ya Sana Ginwalla yotchedwa Zambia Belonging, imene inayamba ndi zithunzi zimene eni ake sanabwere kudzatenga ku Fine Art Studios muno mu Lusaka.

Lero ana a m'kalasi mwanga amasankha dala kuti foni ifufute zonse zakumbuyo, akuti chithunzi chimakongola. Sindiwaletsa. Ndimangowaonetsa ambuya, n'kuwafunsa kuti pakhomo pawo amaima ndani. Inunso mukapita kunyumba Lamlungu likubwerali, aitaneni amayi afike patsogolo musanadine.