Galimoto Yokana Kulira Ikatentha: Mbiri ya Nthendayi m'Lilongwe

Lero tikamba za nthenda ya magalimoto akale imene ambiri a inu mwaiona ndi maso. Mwakweza madengu a tomato m'mawa, galimoto yalira bwino lomwe. Mwafika pa Chinsapo masana, dalaivala wazimitsa injini kuti atsitse katundu wa mnzanu. Pofuna kunyamukanso, galimoto yakana. Tomato alikupsa ndi dzuwa, ndipo wina ayamba kunong'ona kuti ailodza. Si ufiti ayi. Tamverani kumene nthendayi inachokera.

Lilongwe inakhala boma m'chaka cha 1904, ndipo masiku amenewo katundu ankayenda pamutu pa amtengatenga. Fodya ndiye anaitana magalimoto. M'chaka cha 1920 A. F. Barron anayamba kulima fodya ku Mbabzi, nagawira mbewu anthu a m'midzi, ndipo fodya atachuluka panafunika malole omunyamula. Njanji inafika ku Salima mu 1935, koma ku Lilongwe inafika mu 1979. Zaka zonse za pakatipo mbewu za kuno zinkatuluka pamsewu. Mzinda utakhala likulu la dziko mu 1975, anthu anachuluka ku Kawale, ku Biwi, ku Area 23 ndi ku Area 25, ndipo magalimoto amene eni ake oyamba anatopa nawo anagwera m'manja mwa anthu a matola: malole a Bedford, ma Land Rover, ma Peugeot 404 ndi ma Datsun. Amakaniko a ku Biwi anaphunzira ntchito yawo pa magalimoto amenewa.

Ambiri mwa amene ankayendera petulo anali ndi kabuleta, ndiponso pampu yomangidwa pa injini penipeni, yokoka petulo kuchokera m'thanki. Tsono petulo sali ngati madzi. Mbali zina za iye zimayamba kuwira pa madigiri 40 okha. Injini ikamayenda, fani imakupiza mphepo ndipo madzi amazungulira. Mukazimitsa, zonsezi zimaima, koma chitsulo chikali chamoto, chotero kwa mphindi zingapo pansi pa boneti pamatentha kuposa pamene munali kuyenda. Petulo wa m'paipi amasanduka nthunzi, ndipo pampu yokoka madzi singakoke nthunzi. Nthawi zinanso petulo wa m'kabuleta amawira nasefukira m'injini, ndiye mapulagi anyowa. Ndicho chifukwa chake nthendayi imavuta kwambiri mu October ndi November, mvula isanagwe.

M'chaka cha 1982 dziko lathu linayamba kusakaniza petulo ndi ethanol wopangidwa ku Dwangwa kuchokera ku zotsala za nzimbe. Chinali chinthu chanzeru, pakuti chinachepetsa mafuta ogula kunja. Koma petulo wosakaniza chotere amatuluka nthunzi msanga, ndipo galimoto yokalamba ya mapaipi odutsa pafupi ndi ekizozi imamva msanga kusinthako.

Komabe si nthawi zonse pamene petulo ali wolakwa, ndipo apa ndi pamene makaniko weniweni amasiyana ndi wongosintha zitsulo. Iye amayamba ndi khutu. Ngati sitata ikuzungulira mwaulesi ngati ng'ombe yotopa, nthenda ili pa sitata, pa batire, kapena pa mawaya ake a dzimbiri. Galimoto yotere imalira mukaikankha. Ngati sitata ikuzungulira mwamphamvu koma injini osagwira, amafuna moto. Amazula waya wapakati pa disitibyuta, naugwira ndi kamtengo kouma pafupi ndi chitsulo cha injini, kutali ndi kabuleta, wina akuliza. Moto wabwino umadumpha wobiriwira ngati mphezi. Ukasowa, kapena ukakhala wofiira ndi wofooka, akaikira koyilo, kondensa ndi mapointi. Koyilo yokalamba ili ndi chinyengo ichi: waya wake wam'kati ndi wosalala ngati tsitsi, ukatentha umalekana, ukazizira umagwirananso. M'mawa yalira, masana yafa, madzulo yauka.

Moto ukapezeka, ndiye anunkhiza. Fungo la petulo likakhala lambiri, injini yamwa kopitirira. Dalaivala aponde mafuta mpaka pansi, osapopapopa, alize phazi lili pomwepo kufikira injini itagwira. Fungo likasowa, ndi nthunzi ija. Atsegule boneti, aike nsanza yonyowa pa pampu ndi pa paipi, adikire pang'ono. Madalaivala akale ankayenda ndi nsanza ndi chigubu cha madzi chifukwa cha ichi, osati cha ludzu lokha.

Zinthu ziwiri muzikane ndithu mukaziona. Mnyamata asathire petulo m'kamwa mwa kabuleta pamene mnzake alikuliza, pakuti moto umabwerera nutentha nkhope. Ndipo munthu asatsegule chivindikiro cha rediyeta injini ili yamoto, pakuti madzi owira amatumphuka.

Magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera ku Japan, amene anadzaza misewu yathu pambuyo pake, ambiri alibe kabuleta. Pampu yawo ndi yamagetsi, imakhala m'thanki nikankha petulo mwamphamvu, chotero nthunzi siiwavuta. Koma nawonso akalamba tsopano, ndipo ali ndi nthenda yawo: kachipangizo kouza kompyuta kuti injini ilikuzungulira kamafa kakatentha, monga koyilo ija. Pamenepo nsanza pa pampu siithandiza, kafunika kusintha.

Inu mafumu, kawirikawiri ndinu amene mumafuna galimoto yonyamula maliro kuchokera ku Mgona kapena ku Kawale kunka kumudzi, kapena yothamangitsa wodwala ku chipatala. Musanapereke ndalama, muuzeni mwini galimoto ayende nayo kufikira itatentha, aizimitse, mukhale pansi mphindi khumi, ndipo ailizenso inu mukuona.